KUFUNSA MAFUNSO NAMBALA YAIKULU: 1,592,661

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi ku Chipata

Ndithokoza kuti mwandipatsa mpata uno wakuti ndilankhule za phunziro la masamu. Ndidziwa kuti ambiri mwa inu mwayenda ulendo wautali, ena kucokera ku Chadiza, ena ku mbali za Katete ndi Mambwe, cotero sindifuna kukutopetsani ndi nkhani zambirimbiri. Ndabwera ndi nambala imodzi yokha, ndipo ndailemba kale pa bolodi apa: 1,592,661.

Tsiku lina ndinalemba nambala yomweyi m'kalasi langa ndi kupempha ana kuti aiwerenge. Kalasi lonse linangoti zii. Pambuyo pake mnyamata wina, amene amakhoza bwino masamu, anaimirira naichula cizindikiro cimodzicimodzi, monga ticitira ndi nambala ya foni. Nditamfunsa kuti kodi ndi yaikulu motani, anayankha kuti, "Aphunzitsi, ndi yambiri cabe." Mlandu sunali wa mwanayo iai, unali wanga, pakuti ndinamphunzitsa kuonkhetsa ndi kugawa timanambala tating'ono, koma sindinamphunzitse kuima molimba mtima pamaso pa nambala yaikulu. Tsono mwana wotere mawa adzapita kukagulitsa thonje, fodya kapena cimanga ca makolo ake, ndipo wogula adzalemba pa pepala nambala yaitali. Ngati aiopa, adzangobvomera ndi mutu, ngakhale atamdyera masuku pamutu. Ici ndico cifukwa cake ndasankha nkhani imeneyi. Cimene ndifuna kuonetsa ndi cakuti nambala, ngakhale italike cotani, ingathe kufunsidwa mafunso monga mlendo wofika pa mudzi: dzina lako ndani, wacokera kuti, makolo ako ndani, ndiwe wa mtundu wanji. Ndipo imayankha.

KUMENE NAMBALAYI YACOKERA

Nambala imeneyi sindinaipeke. Ndi ciwerengero ca anthu a m'Cigawo ca Kum'mawa monga anawapeza pa kalembera wa caka ca 2010, pamene dziko lonse la Zambia linali ndi anthu 13,092,666. Boma la Chama mulibe m'ciwerengeroci, cifukwa mu 2011 linaikidwa m'cigawo ca Muchinga. Amuna anali 784,680 ndipo akazi anali 807,981. Maboma anali asanu ndi awiri, ndipo anthu ake anali motere: Chipata 455,783, Lundazi 323,870, Petauke 307,889, Katete 243,849, Chadiza 107,327, Nyimba 85,025, Mambwe 68,918. Cicokere nthawi imeneyo maboma ena anagawidwa, napezeka atsopano monga Sinda, Vubwi, Kasenengwa ndi Chipangali, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu a m'cigawo cathu anapitirira mamiliyoni awiri. Cotero nambala yathuyi ndi ya 2010, si ya lero. Koma ndi yabwino pophunzitsa, pakuti makolo a ana athu ali m'kati mwake, ndipo ifenso tomwe tinawerengedwa momwemo.

Nchito yoyamba yopatsa ana ndi kuonkhetsa manambala asanu ndi awiri a mabomawa. Akalondola bwino adzapeza 1,592,661 ndendende, osatsala ngakhale munthu mmodzi. Akaonkhetsa amuna ndi akazi adzapezanso yomweyo. Mwana akaona kuti njira ziwiri zosiyana zamfikitsa pa khomo limodzi, amayamba kukhulupirira dzanja lake.

DZINA LAKE NDI KUKULA KWAKE

Tiyeni tiichule m'cinenero cathu: miliyoni imodzi, zikwi mazana asanu ndi makumi asanu ndi anai mphambu ziwiri, mazana asanu ndi limodzi, makumi asanu ndi limodzi, mphambu cimodzi. Mwamva kutalika kwake. Makolo athu anawerenga ndi zala, nafika pa zisanu, ndipo kucokera pamenepo anati zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira khumi. N'cifukwa cake ambiri a ife pa msika timathawira ku manambala a Cingelezi, amene ali afupi pakamwa. Sindinena kuti tileke. Koma ndikupemphani kuti kamodzikamodzi muziwapempha ana kuti achule nambala yaikulu m'Cinyanja, pakuti munthu sangathe kunena "mazana asanu ndi limodzi" osadziwa kuti 6 ameneyo aimira mazana. Cinenero cathu cimamkakamiza mwana kuganiza za malo a cizindikiro ciliconse.

Taonani pa bolodi. Zizindikiro zilipo zisanu ndi ziwiri. Ku ciyambi kuli 1, ku mapeto kulinso 1. Maonekedwe ndi amodzi, monga mdzukulu ndi agogo ake a dzina limodzi, koma wa ku mapetoyo ndi munthu mmodzi, pamene wa ku ciyambiyo ndi anthu zikwi cikwi. Ma 6 awiri ali moyandikana, koma mmodzi ndi 600, mnzake ndi 60. Mphamvu ya cizindikiro ili pa malo pamene cakhala.

Nanga kukula kwake tingakumvetse bwanji? Pa tsiku limodzi pali masekondi 86,400. Anthu onsewa akadati azidutsa pa khomo la sukulu, mmodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, mzerewo ukadatha patapita masiku 18, maora 10, mphindi 24 ndi masekondi 21. Apatseni ana samu imeneyi. Akaipeza okha, sadzanenanso kuti "ndi yambiri cabe."

KODI IGAWIKA NDI CIANI?

Funso lotsatira ndilo lakuti: kodi ndi manambala ati amene angaigawe popanda cotsala? Apa pali njira zacidule zimene mphunzitsi aliyense ayenera kuzidziwa pamodzi ndi zifukwa zake.

Kwa 2, 5 ndi 10 tiyang'ana cizindikiro cotsiriza cokha. Cathu ndi 1, cotero nambalayi sigawika ndi 2, kapena 5, kapena 10. Anthuwo akadaima awiriawiri, mmodzi akadasowa mnzake.

Kwa 3 ndi 9 tionkhetsa zizindikiro zonse: 1, 5, 9, 2, 6, 6 ndi 1 zipanga 30. Popeza 30 agawika ndi 3, nambala yonse igawika ndi 3. Popeza 30 sagawika ndi 9, koma atsala 3, nayonso ikagawidwa ndi 9 patsala 3. Mwana wanzeru adzafunsa kuti cifukwa ninji. Musamuuze kuti ndi lamulo cabe. Muonetseni kuti 10 ndi 9 kuonjezapo 1, 100 ndi 99 kuonjezapo 1, 1,000 ndi 999 kuonjezapo 1. Tsono 600 ndi ma 99 asanu ndi limodzi, kuonjezapo 6. Ma 99 aja agawika kale ndi 3 ndi 9, ndipo cotsala coti ticiyese ndi 6 yekha. Zitero pa malo alionse, ndipo n'cifukwa cake timangotola zizindikirozo ndi kuzionkhetsa.

Kwa 7, 11 ndi 13 pali njira imodzi yotumikira onse atatu, pakuti 7 × 11 × 13 apanga 1,001. Dulani nambalayi m'magulu a zizindikiro zitatuzitatu monga mipumiro yaidulira kale: 1, 592 ndi 661. Kuyambira ku dzanja lamanja, tengani 661, cotsanipo 592, onjezanipo 1. Yankho ndi 70. Cimene 70 acita ndi manambala atatu aja, cimphona cathu cicitanso comweco. 70 agawika ndi 7, cotero 1,592,661 igawika ndi 7. 70 kugawa ndi 11 patsala 4, kugawa ndi 13 patsala 5, ndipo mukagawa nambala yaikuluyo mwa njira yaitali mudzapeza zotsala zomwezo. Cifukwa cake n'cakuti 1,000 aperewera 1 kufika pa 1,001, pamene 1,000,000 apitirira ndi 1 pa 999,999, amene ali 999 × 1,001. Onani kuti nambala ya zizindikiro zisanu ndi ziwiri yafupika nikhala 70, amene mwana aliyense samuopa.

NJERWA ZIMENE ZINAIMANGA

Pali manambala ena amene sagawika ndi nambala ina iliyonse koma 1 ndi iwo eni, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Tiwache manambala osagawika. Ameneyu 1 sitimwerengera m'gulu lao. Manambala ena onse amamangidwa poculukitsa osagawikawa, monga nyumba imangidwa ndi njerwa, ndipo nambala iliyonse ili ndi njerwa zakezake, zosasinthika, ngakhale muyambire kuigumula ku mbali iti.

Tiyeni tigumule yathuyi. Kugawa ndi 3 tipeza 530,887. Kugawanso ameneyu ndi 7 tipeza 75,841. Apa njira zacidule zatha, ndipo patsala khama. Tiyenera kuyesa osagawika mmodzimmodzi: 11 akana, 13 akana, 17 akana, 19 akana. Kodi tidzayesa kufikira liti? Sitifunika kufika pa 75,841 iai. Popeza 276 × 276 apitirira kale nambalayi, ngati ili ndi zogawira ziwiri, cimodzi mwa izo ciyenera kukhala cocepera 276. Tikadafika pa 275 osapeza kanthu, tikadadziwa kuti ndi yosagawika.

Kucokera pa 11 kufika pa 139 pali manambala osagawika makumi atatu, ndipo onsewo akana. Pa 79 mtima umadumpha, pakuti 79 × 960 apanga 75,840, kuperewera mmodzi yekha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Wotsatira wa 139 ndi 149, ndipo iyeyu alowa ndendende: 149 × 509 apanga 75,841. Onse awiri, 149 ndi 509, ndi osagawika. Tsono makolo a nambala yathu ndi awa:

1,592,661 = 3 × 7 × 149 × 509

Mwana mmodzi sangathe masamu ogawa makumi atatu osagwa ulesi. Koma mutu umodzi susenza denga. Lembani manambala osagawikawo pa timapepala, mwana aliyense atole kamodzi, ndipo onse agawe 75,841 nthawi imodzi. Pasanathe mphindi khumi, amene anatola 149 adzaimika dzanja, ndipo tsiku limenelo sadzaliiwala.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale, ndipo mbali yaikulu ya mbiri yake ili m'Africa muno. Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, ngati zaka 300 Kristu asanabadwe, Euclid anaonetsa kuti manambala osagawika alibe malekezero. Mu mzinda womwewo Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, anapeza njira yowapeta monga amai apeta mgaiwa: lembani manambala onse, fafanizani ana a 2, kenaka ana a 3, kenaka a 5, ndipo otsala m'licero ndiwo osagawika. Mu 1950 ku Ishango, m'dziko la Congo, kunafukulidwa fupa la zaka ngati 20,000 lokhala ndi mizere yozokotedwa m'magulu, ndipo pa mbali imodzi magulu ake ndi 11, 13, 17 ndi 19. Akatswiri amatsutsana ngati wozokotayo anacita dala kapena zinangocitika. M'masiku athu ano, mu 2024, makompyuta anapeza nambala yosagawika ya zizindikiro 41,024,320. Ndiponso njira zina zobisira uthenga wa ndalama pa intaneti zimadalira cinthu comwe taciona pano, cakuti kuculukitsa 149 ndi 509 n'kwapafupi, koma kupatsidwa 75,841 ndi kufunafuna makolo ake ndi nchito ya thukuta.

NDI YA MTUNDU WANJI?

Podziwa njerwa zinai zija, tingathe kupeza zogawira zake zonse. Njerwa iliyonse tingaitenge kapena kuisiya, cotero njira zilipo 2 × 2 × 2 × 2, ndizo 16. Nazi zogawirazo: 1, 3, 7, 21, 149, 447, 509, 1,043, 1,527, 3,129, 3,563, 10,689, 75,841, 227,523, 530,887, ndi 1,592,661 mwini wake. Ziyenda ziwiriziwiri, coyamba ndi cotsiriza, caciwiri ndi cotsatana ndi cotsiriza, ndipo ziwiri zilizonse zikaculukitsidwa zibala nambala yathu.

Munthu wina wa ku Gerasa, dzina lake Nicomachus, amene analemba za masamu ngati zaka 100 Kristu atabadwa, anagawa manambala m'mitundu itatu. Tionkhetsa zogawira zonse kusiyapo nambala mwini wake. Zikalingana ndi nambalayo, ndi yangwiro, monga 6, pakuti 1, 2 ndi 3 apanga 6. Enanso ndi 28, 496 ndi 8,128. Zikapitirira, ndi yosefukira, monga 12, amene zogawira zake 1, 2, 3, 4 ndi 6 zipanga 16. Akuluakulu amene munagwira sheleni, kwaca ndi ngwee zisanabwere mu 1968, mukumbukira kuti makobiri 12 anali okoma kugawana, kaya anthu ali awiri, atatu, anai kapena asanu ndi mmodzi. Zikacepa, nambalayo ndi yoperewera, monga 21, amene zogawira zake 1, 3 ndi 7 zipanga 11 cabe. Zogawira khumi ndi zisanu za nambala yathu zipanga 855,339, ndipo sizifika pa 1,592,661. Cotero ndi yoperewera. Muwauzenso ana kuti manambala angwiro onse amene apezeka kufikira lero agawika ndi 2, ndipo funso lakuti kodi ilipo yangwiro yosagawika ndi 2 lakhala losayankhidwa kwa zaka mazanamazana. Adziwe kuti masamu si munda wokololedwa kale wonse.

Funso lina ndi ili: kodi anthu onsewa angaime pa bwalo, mizere yao kulingana ndi ciwerengero ca anthu a mu mzere uliwonse, monga 25 ali mizere isanu ya anthu asanuasanu? Ayandikira, koma iai. Mizere 1,262 ya anthu 1,262 itenga anthu 1,592,644, ndipo 17 atsala kunja. Tikadadziwiratu poona njerwa zake, pakuti m'nambala yotere njerwa iliyonse iyenera kupezeka ndi inzake yofanana nayo, monga 5 × 5, pamene zathuzi iliyonse ili yokha. Kuti pasatsale munthu, mizere yoyandikitsa kulingana ndi 1,043 ya anthu 1,527.

CENJEZO: NAMBALA SI ULA

Tsono ndifika pa cinthu cimene ndiciyesa cacikulu koposa. Maboma anali asanu ndi awiri, ndipo nambalayi igawika ndi 7, kupatsa boma lililonse anthu 227,523. Wina angayese kuti pali cinsinsi pamenepa. Palibe. Zinangocitika. Akadalembedwa mwana mmodzi woonjezera, nambala ikadakhala 1,592,662, yogawika ndi 2 koma yosagawika ndi 3 kapena 7, ndipo zonse zimene tanena lero zikadasinthika, cinkana midzi ikadakhala yomweyo. Makhalidwe amene tapezawa ndi a nambala, si a anthu. Kuti nambala ndi yoperewera sikutanthauza kuti cigawo cathu n'coperewera. Ana athu amamva zambiri za manambala a mwai ndi a tsoka, ndipo ndi udindo wathu kuwaonetsa kuti nambala imayankha mafunso a kuwerenga, silosera za mawa.

Onaninso kuti palibe boma ngakhale limodzi limene linali ndi anthu 227,523. Chipata inali ndi oposa kawiri pamenepo, Mambwe sinafike ngakhale pa limodzi la magawo atatu. Munthu wogawa mabuku kapena madesiki mofanana pa maboma asanu ndi awiriwo akadakhoza samu koma akadalakwira ana. Samu yolondola siyamba yalowa m'malo mwa kudziwa kumene anthu akhala.

ZIMENE TINGACITE M'KALASI

Ndimalize ndi zinthu zitatu zoti muyese mukabwerera ku sukulu zanu. Coyamba, sabata iliyonse lembani pa ngodya ya bolodi nambala imodzi yaikulu yocokera m'moyo weniweni, monga ciwerengero ca anthu a boma lanu, ndipo tsiku lililonse ana aifunse funso limodzi: Lolemba dzina lake, Laciwiri kukula kwake, Lacitatu zoigawa, ndi kumapitirira motero. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Caciwiri, musapereke lamulo popanda cifukwa cake. Lamulo loloweza limauluka mayeso akatha, koma cifukwa cimakhala.

Cacitatu, aphunzitseni kuyesa yankho lao ndi 9. Tiyerekeze kuti mlimi wagulitsa matumba 47 pa mtengo wa K285 thumba limodzi. Zizindikiro za 47 zipanga 11, ndipo za 11 zipanga 2. Za 285 zipanga 15, ndiye 6. Kuculukitsa 2 ndi 6 tipeza 12, ndiye 3. Yankho loona, 13,395, zizindikiro zake zipanga 21, ndiye 3, ndipo zagwirizana. Wogula akalemba 13,195, zizindikiro zipanga 19, kenaka 10, kenaka 1, ndipo mwana adziwa pomwepo kuti pali colakwa. Koma muwacenjeze kuti njirayi sigwira zolakwa zonse: wina akasinthanitsa zizindikiro nalemba 13,359, idzangodutsa. Ndi mlonda wothandiza, koma mwini nyumba asagone tulo.

Mnyamata uja amene anati "ndi yambiri cabe" ndiye anatola kapepala ka 79, ndipo anadandaula kwambiri pamene panatsala mmodzi. Mawa lake anabwera ndi nambala ya anthu a boma la Chipata, 455,783, atailemba pa cikuto ca kope lake, nandifunsa ngati angayambe kuigumula yekha. Ndinamlola. Nanunso ndikusiyirani yomweyo kuti muiyese madzulo ano, tidzamve mayankho anu pa msonkhano wotsatira.